Mizere Yoyera ya a Hedi

A Hedi anafika pabwalo la gofu mame asanakamuke, atanyamula zitini za penti woyera wopopera m'jumbo. Ntchito yophunzitsa anapuma kalekale, koma dzina la uhedi linawakanirira, ndipo ndi dzina lomwelo limene linawapezetsa udindo pakalabupo. Anthu anati munthu amene anatha kuweta ana a eni ake pasukulu sangalephere kuweta madoda ndi ntchembere zothamangitsa kampira. Choncho pa tsiku la mpikisano, malamulo ankayang'anira ndi iwo.

Bwalolo linali litatopa. Chilimwe chinaliwotcha mpaka kapinga kusanduka fumbi, ndiye mvula itabwera, inabwera ngati yolusa, kukokolola dothi n'kusiya zigwembe paliponse. Mfuko nazo zinali zitaunjika timilu tawo. Kumunsi kwa bwalo paipi yothirira inaphulika, a Kapitawo oyang'anira bwalo n'kukumba ngalande ndi anthu awo, ngalandeyo n'kungokhala yasa.

Lamulo la masewerawa ndi louma: mpira umenye pomwe wagwera. Wagwera pabwino, mwayi wako, wagwera poipa, lira nazo wekha. Chifundo chilipo chimodzi. Malo amene awonongeka mopitirira, woyang'anira malamulo amawazunguliza ndi mzere woyera, kusonyeza kuti akukonzedwa. Mpira ukagwera m'kati mwa mzerewo, mwini wake amaloledwa kuutola n'kuugwetsa pabwino chapafupi, osayandikira kudzenje lolowetsamo mpira, popanda chilango chilichonse. Pabwalo lotere vuto linali kudziwa polekezera, chifukwa munthu akanafuna, akanangozunguliza bwalo lonse ndi mzere umodzi n'kubwerera kunyumba.

Koma chimene chinkawasowetsa mtendere a Hedi m'mawa umenewo sichinali bwalo. Anali amuna awo, a Injiniya.

Chaka chapitacho a Injiniya anagwidwa ndi sitiroko. A Hedi ndi amene anawapeza ali kwala pansi kukhitchini, mpopi wa pasinki ukungotuluka madzi, pakamwa patapotoka. Dzanja lamanzere ndi mwendo wa mbali yomweyo zinafooka. Kuchokera tsiku limenelo makutu a a Hedi sanapumenso. Supuni ikagwa m'chipinda china, mtima wawo phaa! Anachotsa makapeti onse m'nyumba, anabisa makiyi a galimoto, nyama ankachita kuwadulira m'mbale ngati mwana. Bambowo anapirira mafizo miyezi yambirimbiri, akukukuta mano, mpaka anayambanso kuyenda, ngakhale mwendo umodzi unkatsalira pang'ono. Kenako analembetsa mpikisano wa pakalabu osauza mkazi wawo. A Hedi anamva nkhaniyi kwa achimwene awo, mwini malole, amene anthu ankawatchula kuti a Hutala chifukwa cha mawu awo osadziwa kunong'ona. Ndipo maere anagwa mwanthabwala: a Injiniya anayenera kupikisana ndi alamu awo omwewo, dzenje ndi dzenje, wopambana pa maenje ambiri ndiye mwini chipambano.

Masiku apitawo a Hedi ankawaonerera amuna awo akuyeserera. Anaona kuti mpira umene kale unkauluka mpaka kusowa m'maso, tsopano unkathera panjira, pafupifupi theka la mtunda wakale. Tsono m'mawawu, akuyenda ndi chitini m'manja, miyendo yawo inkangoima yokha pamalo amenewo. Pa dzenje loyamba anaima pamene mipira ya anthu amphamvu imangodutsa m'mwamba, anaona kadazi ka dothi, n'kupopera. Patsogolo pang'ono panali kachigwembe, anapoperanso. Mumtima ankati, kodi ndikunama? Malowa si oipadi? Analidi oipa. Koma oipa ena anali patsogolo, ndipo kumeneko ankangodutsa chothamanga.

A Kapitawo anawapeza pa dzenje lachitatu, atapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Madamu, kumunsi kuja mwafikako? Thirakitala inatitimira dzulo. Yasiya tingalande toti mwana akhoza kubisalamo."

"Ndifikako."

"Musachedwe. Anthu ayamba kale kutsitsa zikwama m'magalimoto."

Anagwedeza zitini zija. Zambiri zinali zitapepuka, ndi chimodzi chokha chimene chinkamvekabe cholemera. Anayang'ana kumunsi, anayang'ana kumtunda kumene kunali nyumba ya kalabu, n'kuona galimoto ya achimwene awo ikulowa pageti, amuna awo atakhala kutsogolo. Kumunsi kuja sanafikeko.

A Injiniya anakana wowanyamulira chikwama. Anamangirira ndodo zawo pakangolo kokoka, n'kumakakoka ndi dzanja lamanja. Anali atavala malaya awo akale a mpikisano, amene tsopano ankawakhuthukira m'mapewa.

"Mankhwala mwamwa?" anafunsa a Hedi motsitsa mawu.

"Ndamwa, mayi."

"Chipewa chija?"

"Chili kumutu kuno. Mukuchiona."

"Achemwali, tasiyeni munthu apume," anakuwa a Hutala, anthu onse pakhonde n'kutembenuka. "Alamu angawa ndikufuna ndiwakwapule ali ndi mtima umodzi, asadzanamizire inu."

A Injiniya anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kuika mpira pansi. Anatenga nthawi kuti aime bwino. Atamenya, mpira unanyamuka motsika, kudumphadumpha, n'kukaima m'kati mwenimweni mwa mzere woyera. Anautola, anaugwetsa pakapinga wabwino, n'kumenyanso bwino lomwe. Dzenje limenelo anafanana mphamvu ndi alamu awo, ndipo a Hedi anaona nkhope ya amuna awo ikuwala kwa nthawi yoyamba chidwalireni.

Woyang'anira malamulo sayenera kukakamira gulu limodzi. A Hedi ankadziwa zimenezo. Komabe ankangozungulira pafupi, pena kuseri kwa mtengo ngati akuyang'ana chikhomo cha malire, pena kuwerama ngati akuzula udzu. Foni inalira m'thumba. Anali dokotala wa mano, amene ankasewera m'gulu la patsogolo.

"A Hedi, mpira wanga uli pamulu wa mfuko wophwasuka, pali matope okhaokha. Mzere palibe. Nditani?"

Anamuyankha mwachidule, maso ali kwa amuna awo, n'kudula foni.

Pa dzenje lachiwiri mpira wa a Injiniya unagweranso mumzere. Pa lachitatu chimodzimodzi. Apa a Hutala anaima, manja m'chiuno.

"Alamu, mpira wanuwu mwauphunzitsa bwanji? Ukununkhiza penti ngati galu wosaka." Anayenda kupita patsogolo kumene kunali mpira wawo, n'kuupeza uli m'chigwembe chouma, pakati pa timiyala. "Achemwali! Tulukani kuseri kwa mtengoko, takuonani kale. Kuno penti anatha? Kapena chigwembe changachi n'chokongola?"

Anali kuseka, koma a Injiniya sanaseke. Anaima m'kati mwa mzere uja, mpira uli pamapazi awo. Anatembenuka kuyang'ana kumene anamenyera, anayang'ana mzere, kenako anaponya maso ku dzenje loyandikana nalo, kumene mizere ina inkaoneka mbee padzuwa. Munthu amene moyo wake wonse ankayeza misewu ndi milatho sanafunikire chingwe choyezera. Mizere yonse inali pa mtunda umodzi, mtunda wa dzanja lake lofooka.

A Hedi anayandikira.

"Mizereyi mwajambula ndinu?" anafunsa a Injiniya.

"Ndi ntchito yanga."

"Mwajambulira ndani?"

"Malowa ndi oipa, bambo. Taonani nokha."

"Sindikufunsa malo. Ndikuti mwajambulira ndani?"

A Hedi anayang'ana chitini chimene chinali m'manja mwawo. A Hutala anatsokomola, n'kuyamba kupukuta ndodo imene inali yoyera kale. A Injiniya sanautole mpirawo. Anaumenya pomwepo, padothi, fumbi koboo, mpira n'kuthawira kumbali m'tchire. Dzenje limenelo analuza. Anakoka kangolo kawo n'kumapita, mwendo ukukhukhuluza pansi, osacheuka.

Foni inaliranso. Gulu lina linali kukangana za madzi amene anadikha pafupi ndi dzenje la kumtunda. A Hedi anapita chothamanga, anagamula mlanduwo, kubwerera chothamanganso. Pobwerera anakumana ndi amayi awiri amene ankadandaula kuti m'maenje a mchenga mwauma ngati simenti. Anawalonjeza zimene sanazimve n'komwe. Thukuta linali kutsika m'msana. Akamva phokoso lililonse kumbali imene kunali amuna awo, ankaima n'kutchera khutu. Anafuna kupita kukapepesa, anafunanso kukakalipa, kuwakumbutsa amene ankawatembenuza pabedi, amene ankawasambitsa. Zonse ziwiri zinkalimbana pachifuwa, ndipo miyendo inkangoyenda.

Anawapeza kumunsi kuja, kumene thirakitala inatitimira. A Kapitawo sananame. Matayala anali atang'amba kapinga, kusiya tingalande tiwiri takuya, m'mbali mwake matope ataunjikana ngati mizere ya m'munda. Mpira wa a Injiniya unali pansi pa kangalande kamodzi, theka lake litamira. Mzere woyera panalibe.

Apa a Hedi sanakayike ngakhale pang'ono. Malo amenewa akanawazunguliza ngakhale mpirawo ukanakhala wa mdani wawo. Anagwedeza chitini chija.

"Pano ndi pamalo okonzedwa," anatero ndi mawu awo akale a pamzere wa sukulu. "Sindinafikepo m'mawa, koma lamulo likundipatsa mphamvu yogamula pompano. Tolani mpira, mugwetse apo."

"Apa pokha achemwali akunena zoona," anatero a Hutala, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anali otsika. "Tolani, alamu. Ngakhale ine ndikanapempha. Umu simomenyera mpira, ndi modzala mpunga."

A Injiniya anatsamira ndodo yawo, akupuma mwabefu.

"Mayi woyang'anira malamulo, ndifunse. Lamulolo likuti ndiyenera kutola, kapena ndikhoza kutola?"

A Hedi anawayang'ana kumaso. Yankho ankalidziwa, ndipo amuna awo ankadziwa kuti akulidziwa.

"Mukhoza."

"Ndiye sinditola."

"Bambo, mwendowo."

"Mwendowu ndi wanga."

Anatsikira m'kangalande muja, phazi limodzi pansi, lina pamwamba pa matope. Anamenya. Matope thapsa! kumaso, pamalaya, mpaka pa buluku la a Hutala. Mpira unangosuntha pang'ono n'kukhalanso. Anapukuta m'maso ndi phewa, n'kuimanso. Kachiwiri anamenya ndi mphamvu zonse zimene anali nazo, ndipo mwendo wofooka uja unaterereka. Anagwa ndi bondo, ndodo n'kuwapulumuka.

A Hedi anataya chitini. Anali atayamba kale kuthamanga pamene dzanja la amuna awo linakwera m'mwamba.

"Imani pomwepo!"

Mawuwo anatuluka athunthu, osapotoka. A Hutala anagwira mkono wa mlongo wawo. Dzanja la a Hutala linali lolemera.

"Asiyeni," ananong'ona, munthu amene sankadziwa kunong'ona.

Kudzukako kunatenga nthawi. A Injiniya anakwawa pang'ono, anafikira ndodo ija, anaizika m'matope, n'kuyamba kudzikoka. Anakwera, anabwerera pansi. Anakweranso. A Hedi ankamva kupuma kwawo, ankaona mitsempha ya m'khosi itatupa, ndipo m'makutu mwawo munkamveka mpopi uja wa kukhitchini. Analuma mlomo mpaka kumva kukoma kwa magazi. Potsiriza bamboyo anaima, akudzandira, matope kuyambira kumapazi mpaka m'chiuno. Kachitatu mpira unatuluka, n'kugudubuzika pakapinga mtunda wosapitirira kutalika kwa lole.

Anatembenukira kwa mkazi wawo. Mkwiyo unali utatha m'maso mwawo, munatsala kutopa.

"Mayi, pitani. Kunyumba mwandichotsera makapeti, ndavomera. Makiyi mwabisa, ndakhala chete. Koma kuno ndisiyeni. Ngati n'kugonja, ndigonje ndekha. Kupambana kwa penti sindikukufuna."

A Hedi anawerama. Anatola chitini chawo. Anadikira mpaka amuna awiriwo atapita patsogolo, kenako anazunguliza tingalande tija ndi mzere, kuti magulu a m'mbuyo asavutike. Penti amene anatsala anakamuthera pa zigwembe za patali zimene anazidumpha m'mawa, mpaka chitini chinayamba kutulutsa mpweya wokhawokha. Atatero anakwera kumtunda, osacheukanso, ngakhale khosi linkachita kuyabwa.

Pakhonde la kalabu anaitanitsa tiyi. Anakhala pampando, anadzuka. Anapita kumapeto kwa khonde kumene kumaonekera dzenje lomaliza, anabwerera. Analowa kuchimbudzi, anasamba m'manja, penti osachoka m'zikhadabo. Atatuluka anapeza tiyi atazizira, anaitanitsa wina. Foni anaiika patebulo, anaitembenuza, anaitenganso kuona ngati ili ndi moto. Kumadzulo mitambo inayamba kuunjikana, ndipo anayamba kuganiza za udzu wonyowa, za kamlatho kamatabwa ka pa dzenje lakutali, kamene kalibe zogwirira.

Magulu anayamba kufika. Dokotala wa mano anakhala pampando woyandikana nawo, akuvula magolovesi.

"A Hedi, mizere yanu lero yandizunguza mutu. Pamene sipagwera mpira wa munthu, penti mbwee. Pamene timagwera tonse, ng'oo."

Anthu a patebulo lina anasiya kulankhula. A Hedi anamva kutentha kumaso.

"Mukunena zoona, adokotala. Lero sindinajambule bwino. Mpikisano wotsatira tidzayende awiri, mudzandithandize maso."

Dokotalayo, amene anakonzekera mkangano, anangoitanitsa chakumwa.

Magulu amene ananyamuka m'mbuyo mwa a Injiniya anafika, atawadutsa m'njira. Aliyense a Hedi ankamufunsa ndi maso okha. Mmodzi anati anawaona atakhala pachitsa, akupuma. Wina anati ayi, anawaona akuyenda. A Hedi anatenga makiyi a galimoto m'chikwama, anafika mpaka pamasitepe, anaima. Anabweza makiyi m'chikwama. Anawatulutsanso.

Mawu ndi amene anayamba kufika, anthu asanaoneke. A Hutala ankamveka ngati ali pakhonde pomwepo, koma panali mawu enanso amene ankawadula, okwera, osaleza. Kenako anatulukira kuseri kwa mitengo, wina wamkulu ngati kabati, wina wowonda, akukoka mwendo ndi kangolo, onse awiri akuloza kumunsi ndi manja.

"Ndikukuuzani, alamu, paipi ija siinaphulike yokha," ankatero a Injiniya. "Amene anaiyala anaidutsitsa pamene madzi onse a bwaloli amakumana. Mukhoza kuimata mpaka chaka chamawa, idzaphulikanso. Pofunika ngalande yodutsa cha uko, ikatsirire kudambo."

"Inu mwaluza mpikisano, mukufuna mupambane pa mapaipi?"

"Mundibwereke lole imodzi ya miyala, muone."

"Lole yanga ilowe m'matope amene aja? Mwapenga eti?"

Anafika pakhonde mvula itayamba kuwaza. A Hutala anauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti mpikisano wa awiriwo unatha kalekale, maenje angapo asanathe, koma alamu awo anakana kukwera kumtunda mpaka atasewera bwalo lonse.

"Ndamukwapula munthu, koma wotopa ndine. Mundipatse madzi ndisanakomoke."

A Injiniya sanalowe m'kati. Anakhala pabenchi ya pakhonde, pafupi ndi mpopi wotsukira ndodo. Matope anali atauma pabuluku, bondo limodzi litang'ambika, pakhungu pakuoneka magazi pang'ono. A Hedi anaona bondolo. M'chikwama mwawo munali thonje, mankhwala a mabala ndi bandeji. Anaima chapatali pang'ono, manja atawapinda kumbuyo, chala china chikufinya chinzake.

Bamboyo anawerama kuti avule nsapato. Zingwe zinali zitamangana ndi matope, mfundo zitalimba ngati mwala. Anakoka ndi dzanja lamanja, mfundo inangolimbirako. Anayesa kuthandizira ndi lamanzere, zala zinakana kugwira. Anapuma, anayesanso. A Hedi anayang'ana kudenga, anayang'ana mvula, anawerenga chikwangwani cha pakhoma chimene ankachidziwa pamtima.

"Mayi," anaitana a Injiniya, osadzutsa mutu.

"Bambo."

"Mwangoima ngati mlonda bwanji? Tandithandizani nsapatoyi, yandikanika."

A Hedi anagwada pasimenti yonyowa. Mfundoyo inawavuta nawonso, mpaka anachita kuitokosa ndi kiyi wa galimoto.

"Bondoli nalo?" anafunsa, maso ali pansapato.

A Injiniya analiyang'ana bondolo ngati la munthu wina.

"Nalonso. Koma mankhwala anu owawa aja muthire pang'ono."

M'kati a Hutala anali atayamba kufotokoza za kangalande kaja, ndipo m'nkhani yawo kanali katakula kale kufika m'chiuno.